Mpunga wa Kilombero ndinaubwezera kwawo

Sutikesi yanga inathyoka tayala pa mlatho wa Songwe, pakati penipeni, pamene munthu wachoka kale ku Malawi koma ku Tanzania sanapondeko. Ndinangomva kuti khwa, kenako inayamba kukwekwereza mbali imodzi ngati galu wothyoka mwendo. Kumsana ndinali nditabereka chikwama, paphewa ndinakoleka china, kudzanja lamanzere kunali thumba la mpunga la makilogalamu 10. Pasipoti ndinali nditailuma. Inde, ndi mano, chifukwa dzanja loigwirira panalibe.

Anyamata aganyu a pamalirepo amamuonera patali munthu ngati ine. Anabwera atatu, wina anagwira sutikesi ndisanavomere n'komwe, wina akuti "pole dada, pole", winayo akunditchulira mtengo m'Chitumbuka. Ndinalipira osanenerera. Munthu amene katundu wamukulira sanenerera mtengo, amangoti zikomo.

Ndinkapita ku Dar es Salaam kukaona khanda la achimwene, amene amakhala kumeneko pantchito yothandiza anthu kutulutsa magalimoto padoko. Usiku woti ndinyamuka mawa lake, Amayi anakhala pamkeka pabalaza n'kuyamba kuitana zinthu ngati aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. Ufa woyera, chifukwa ati kumeneko amangodya mgaiwa. Mtedza wosenda. Usipa wouma. Mfutso wa khwanya. Nyemba. Zitenje zitatu za alamu. Bulangete la mwana, lolemera ngati la munthu wamkulu, lopita nalo kumzinda kumene anthu amagona thukuta lili kamukamu.

Ndinayesako kunena kuti, "Amayi, kumenekotu anthu amadyanso."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, ukufuna mlamu wako akanene kuti kwa apongozi ake kuli njala? Munthu amapita kukaona khanda manja ali lende?"

Koma ndisawanamizire Amayi okha. Nsapato mapeyala anayi ndinalongedza ndekha. Madiresi asanu ndi limodzi, simbi yositira, chowumitsira tsitsi, mabuku atatu amene sindinatsegule ngakhale limodzi. Chilichonse ndinkachiika ndikunena mawu omwewo mumtima: mwina ndikachifuna. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo mpunga uja palibe anandituma. Ndinaugula ndekha ku Karonga nditatsika basi m'mawa, nditamva kafungo kake pamsika, ndikuganiza kuti ndikafika nawo ngati mfumukazi.

Chimene sindinawerengere ndi ichi: kwa Mmalawi, ulendo wa sitima ya ku Dar umayambira kutali kwambiri ndi njanji. Basi ya usiku kuchoka ku Lilongwe, kudutsa Mzuzu, kutsika Chiweta, mpaka Karonga. Takisi ya makilomita 45 kapena kuposerapo pang'ono kukafika pa Songwe. Mlatho, wapansi. Njinga yamoto kuchoka pa ofesi ya zolowa ndi kutuluka kukafika pokwerera basi ku Kasumulu. Minibasi yokwera mapiri a Tukuyu, m'minda ya tiyi ndi nthochi, mpaka Mbeya. Bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, yopita kogona. M'mawa mwake bajaji ina yopita kusiteshoni, imene ili kunja kwa tauni, ku Iyunga. Werengani nokha kuti katundu ndinamukweza ndi kumutsitsa kangati ndisanaione n'komwe sitimayo. Paliponse ndinkaima n'kuwerenga, chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, ngati mayi wa mapasa pamsika. Mapiri a Tukuyu anthu amawatama, ine ndinawaona mwa apo ndi apo, chifukwa khosi linali chotembenukira kumbuyo kuyang'ana ngati thumba langa silinatsike ndi munthu wina.

Bwanji osangokwera basi mpaka ku Dar? Ndinkafuna kugona chotambalala. Komanso njanji imeneyi ndinkaimva kuyambira ndili mwana, ndipo sitima yokhayo imene ndinakwerapo inali ya Limbe kupita ku Balaka, yokhala pabenchi. Sitima yogonamo ndinali ndisanaionepo mkati.

TAZARA ndi njanji ya makilomita 1,860, kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Inabadwa chifukwa cha mkangano. Ian Smith atalengeza mu November 1965 kuti Rhodesia yadziimira payokha pansi pa azungu, Kenneth Kaunda anaona kuti kopa wa dziko lake sangamadalire njira yodutsa kwa adani. Iye ndi Julius Nyerere anapempha mayiko a kuzambwe, iwo anati njanjiyo singapindule. China inavomera, ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja. Ntchito inayamba mu 1970, inatha mu 1975, ndipo mu 1976 anaipereka m'manja mwa mayiko awiriwa. Ankaitcha njanji ya Uhuru, kutanthauza ufulu. Kutalikirana kwa zitsulo zake ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi njanji ya kwathu kuno ndi ya ku Zambia. Nambala imeneyi ndinaimvetsa ndi mawondo anga: njanji yopapatiza imanyamula ngolo zopapatiza, ndipo m'ngolo yopapatiza mukachotsamo kanjira kodutsa anthu, chipinda chotsalacho si cha munthu wobwera ndi mudzi wonse.

Khomo la sitima ndi lalitali, masitepe ake ndi oimirira, ndipo pambuyo pako pali anthu amene akufunanso kukwera. Sutikesi yopanda tayala ija ndinaikankha ndi bondo, bambo wina anaikoka kuchokera mkati, thumba la usipa linang'ambika pakona. M'kanjira inkangodutsa chammbali.

Chipinda cha kalasi yoyamba chili ndi mabedi anayi, awiri pansi awiri pamwamba, ndi katebulo pawindo. Cha kalasi yachiwiri chili ndi asanu ndi limodzi. Amuna paokha, akazi paokha, pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Malo a katundu ndi pansi pa bedi la m'munsi ndi kamalo kena pamwamba. Basi. Sutikesi yanga pansi pa bedi inakana. Ndinayesa choimika, chogoneka, chopendeketsa, inangoti ndwii pakati pa chipinda.

Pa bedi la m'munsi panakhala mayi wina wachikulire, atavala juzi yofiirira, akusenda lalanje mosapupuluma. Anandiyang'ana nthawi yonseyi osanena kanthu. Kenako anayankhula, ndipo ndinadzidzimuka kumva chiyankhulo cha kwathu.

"Mwana wanga, mukusamuka, kapena akuthamangitsani kuukwati?"

Anali wa ku Chipata koma amakhala ku Kabwe. Anakwerera ku Kapiri Mposhi dzulo lake, anali atagona kale usiku umodzi m'sitimamo, ndipo ankapita ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, kukaoda nsalu ndi nsapato za ana. Ndinati, "Ayi mayi, ndikungokaona khanda."

"Khandalo lidya zonsezi?"

Atsikana awiri a ku Tanzania amene tinali nawo sanamve mawuwo koma anaseka, chifukwa nkhope ya mayiyo inali itamasulira kale.

Katundu wawo yense anali kachikwama kamodzi kakuda, kosaposa pilo. Madzulo ake, titazolowerana, anakatsegula pofuna mankhwala a mutu, ndipo ndinapempha kuti ndione. Anakhuthulira pabedi. Zitenje ziwiri. Malaya amodzi osinthira ndi zamkati, zopindidwa mozungulira ngati mkeka. Patapata. Masokosi okhuthala. Sopo wodulidwa pakati, wokulungidwa m'jumbo. Mswachi. Kapu ya pulasitiki yokandikakandika, ndi supuni. Tochi yaing'ono. Pepala la kuchimbudzi lophwanyidwa kuti lisadye malo. Kaloko kakang'ono. Botolo la madzi. Mtedza wokazinga m'botolo lina. Kabuku kolembamo maoda, kakuda ndi manja, kokhala ndi mayina a makasitomala ndi saizi ya phazi la mwana aliyense. Ndipo pansi penipeni, zikwama zisanu za pulasitiki zamizeremizere zija zokhala ndi zipi, zopindidwa mpaka kuphwatalala ngati chigumu.

"Izi ndi za pobwera," anatero. "Popita timapita ndi mphepo. Ukadzaza popita, pobwera uika pati?"

Ndalama ndi pasipoti sizinali m'chikwamamo. Anangodzigunda pamimba, pansi pa juzi, n'kumwetulira.

Anati pobwera zikwama zodzazazo sakhala nazo m'chipinda. Amakaziyezetsa pasikelo kusiteshoni, n'kulipira, zimakwera ngolo ya katundu, iwo n'kutsala ndi kachikwama komweko. Lamulo lawo ananena kamodzi kokha, akubweza zinthu m'malo mwake: dzanja limodzi ndi la katundu, linalo ndi lako. Logwirira chitsulo pokwera, loperekera tikiti, lolandirira chenji pawindo, lopatsira moni. Ndinakumbukira pasipoti yanga yokhala ndi zipsera za mano.

Za chitenje ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndinakula nacho koma ndinachidziwira m'sitima imeneyi. Masana mayiwo anachikoleka pawindo dzuwa likuwomba kumaso. Pofuna kusintha zovala anachimanga pakati pa mabedi chikhale chotchinga. Popita kukasamba chinali thaulo, ndipo pobwera anachiyanika pamphepete mwa bedi la pamwamba, mphepo ya pawindo inachiumitsa tisanafike siteshoni yachitatu. Usiku chimodzi anafunda pamwamba pa bulangete la m'sitima, chinacho anakulungira juzi n'kukhala pilo wachiwiri. Atagula nthochi pawindo, chinasanduka thumba. M'mawa chinali duku. Thaulo langa lalikulu la kunyumba, limene linadya kotala ya sutikesi, ndinalinyowetsa kamodzi ndipo linafika ku Dar likununkha chinyontho.

Usiku umenewo ndinagona pa bedi la pamwamba ndi sutikesi kumapazi, miyendo yopinda, ine amene ndinakwera sitima kuti nditambalale. Mpunga unalowa pansi pa bedi la mayi aja mwa chifundo chawo. Usipa unadzaza chipinda chonse ndi fungo la ku Nkhata Bay, ndipo mmodzi wa atsikana aja anafunsa mwaulemu, ndi manja, ngati tingatsegule windo pang'ono. Sitikanatha. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Makambako, imene tinadutsa kutada, ndi malo odziwika ndi mphepo yozizira. Unali mwezi wa June. Juzi yanga inalipo, inde, koma inali pansi pa madiresi asanu ndi limodzi, pansi pa simbi, m'sutikesi imene sindikanatha kuitsegula popanda kudzutsa anthu atatu. Ndinagona ndikunjenjemera, mapazi atatsamira juzi yangayo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa pa ulendo umenewu. Umanyamuka kozizira ngati ku Dedza, n'kukatsikira kotentha ngati ku Nsanje, ndiye mutu umakuuza kuti utenge zovala za nyengo ziwiri. Sizifunika. Chofunika ndi juzi imodzi yabwino, masokosi, ndi chitenje, zili pamwamba pomwe dzanja lingafike mumdima. Kukayamba kutentha umangovula chimodzichimodzi. Ku Dar malaya ukachapa madzulo, m'mawa auma.

Pakati pa Makambako ndi Mlimba ndi pomwe omanga njanjiyi anavutikira kwambiri, mapiri ndi zigwa zokhazokha, milatho ndi ngalande zoboola mapiri. Tinadutsapo usiku. Ndinkangomva phokoso likusintha, kuti guu tikalowa m'phiri, kenako kupepuka tikatuluka.

Kutayamba kucha, mpweya unali utasintha, wofunda ndi wonyowa. Ndinasuzumira pawindo: minda ya mpunga mbali zonse, yathyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Sitima inaima, azimayi anafika m'munsi mwa mawindo ndi mabeseni pamutu, mandazi, nthochi, nsomba zokazinga, ndi timatumba ta mpunga. Ndinafunsa mayi aja kuti pano ndi pati.

"Ifakara. Chigwa cha Kilombero chimenechi."

Ndinakhala kaye chete. Kenako ndinawauza dzina la mpunga umene anaugonera usiku wonse. Anaseka mpaka kutsokomola, anamasulira atsikana aja m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, iwonso anagwa nako kuseka. Mpunga wa Kilombero, wogula ku Karonga, wolipiridwa pa mlatho, wolipiridwa pa njinga yamoto, wolipiridwa m'minibasi ngati munthu, unali utafika m'chigwa chimene chili ndi dzina lake, pomwe mayi wina ankandigulitsa wina pawindo ndi mashilingi ochepa. Ndimaukondabe wa ku Karonga, ndipo ndikhoza kutsutsana ndi aliyense kuti umanunkhira kuposa. Koma kununkhirako sikunali kwa makilogalamu 10 pamsana.

Chakudya ndi chinthu china chimene timanyamula ngati tikupita kuchipululu. M'sitimamo muli ngolo yodyera, amaphika wali ndi ugali, kunena kuti mpunga ndi nsima, ndiwo nkhuku, ng'ombe kapena nsomba. Pa masiteshoni akuluakulu anthu amagulitsa pawindo. Chimene uyenera kukhala nacho ndi mashilingi ang'onoang'ono, chifukwa sitima ikaliza hutala wogulitsa alibe nthawi yokasaka chenji, ndi mawu awiri okha, "shilingi ngapi". Madzi akumwa ndiye tenga okwanira, amenewo sindinyengerera. Wotchi usunthe ukangowoloka Songwe, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo munthu akakuuza nthawi m'Chiswahili funsanso kawiri, pakuti iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: "saa mbili" ya m'mawa ndi 8 koloko pa wotchi ya ku Tanzania.

Dzuwa litakwera tinalowa m'nkhalango ya Selous, imene mbali yake ya kumpoto anaisandutsa Nyerere National Park mu 2019. Anthu onse anathamangira kumawindo a m'kanjira. Nswala, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, anyani, ndi akadyamsonga awiri ataima phee ngati akuwerenga ngolo. Mayi aja anatseka kachikwama kawo ndi kaloko, n'kutuluka manja ali m'thumba la juzi. Ine ndinaima pakhomo la chipinda, phazi limodzi mkati, diso limodzi kwa akadyamsonga, linalo kwa sutikesi. Mukandifunsa kuti katundu wambiri amakulanda chiyani, si ndalama za aganyu zokha. Ine anandilanda Tukuyu ndi theka la Selous.

Patapita masiku angapo achimwene ananditengera ku Kariakoo, ndipo ndi iwo anandiuza kumene dzinali linachokera. Ndi Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene anali ndi msasa pamalopo. Kwathu ankawatcha amtengatenga. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa, kukasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Mu 1916 asilikali a General Northey anachoka kumalire a kumpoto kwa dziko lathu n'kulowera ku Tukuyu, imene Ajeremani ankaitcha Neu Langenburg, ndipo pambuyo pawo pankabwera mzere wa amtengatenga. Njira yomwe ija ndinadutsa ndi minibasi. Ndinaima pakati pa msikawo, anyamata akudutsa ndi mabelo pamutu akukuwa kuti tipatuke, ndikuganiza kuti agogo athu anasenza m'njira imeneyi chifukwa kumbuyo kunali chikoti. Ine kumbuyo kwanga kunali chiyani? Mawu a Amayi akuti akatinena, ndi anga akuti mwina ndikachifuna.

Sindikunyoza mwambo wa mphatso. Kufika pakhomo pa munthu ndi kanthu m'manja ndi chinthu chabwino, ndipo sindikufuna kudzakhala munthu wofika ndi foni yokha. Koma mwambowu unapangidwa ndi anthu oyenda kuchoka mudzi uno kupita mudzi uwo, dengu pamutu, kwa abale amene mwina chaka chimenecho sanakolole. Tinautenga osausintha n'kuukweza mabasi atatu ndi sitima, kupita nawo kumzinda wa doko kumene kuli chilichonse. Mphatso ya ulendo wautali iyenera kukhala chinthu chimene kumeneko kulibe, osati chimene chikuoneka chachikulu polowa pakhomo.

Umboni wake ndinauona tsiku lofika lomwelo. Alamu analandira zonse mwaulemu, atagwada, akuthokoza chimodzichimodzi. Kenako polowetsa mpunga kukhitchini ndinaona pakona thumba lalikulu la mpunga wa ku Kyela, losatha n'theka lomwe. Bulangete la mwana analiika pamwamba pa wadirobu, ndipo ndikukhulupirira lidakali pomwepo. Mfutso wokha ndi umene unawalitsa maso a achimwene. Anaununkhiza, n'kufunsa, "Chemwali, nanga Nali wandibweretsera?" Ndinali nditatenga kabotolo kamodzi, kolowetsa mu nsapato kuti kasasweke. Mfutso ndi tsabolayo pamodzi sizikanadzaza ngakhale thumba la juzi la mayi a ku Chipata aja. Simbi sindinaigwiritse ntchito, alamu anali nayo yawo. Pa mapeyala anayi aja a nsapato ndinavala awiri.

Ulendo wachiwiri, mwana uja atayamba kuyenda, ndinatenga chikwama chimodzi chakumsana ndi kathumba ka m'chiuno. Ndinachiyesa kunyumba: kuchibereka, kuyenda nacho mpaka pa siteji ndi kubwerera, kenako kuchotsamo chilichonse chimene phewa linadandaula nacho. Zitenje ziwiri, juzi ndi masokosi pamwamba, malaya atatu, diresi imodzi ya kutchalitchi, nsapato zovala kuphazi ndi patapata, sopo wodula, tochi, batire yotchajira foni, kaloko, kapu. Mabotolo atatu a tsabola, mfutso, ndi zikwama ziwiri zamizeremizere zopinda pansi. Amayi anachinyamula ndi dzanja limodzi, n'kuchiika pansi, n'kundiyang'ana ngati ndawachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Sananene kanthu. Anangoti ndikawatengere madzi akumwa kukhitchini.

Pa mlatho wa Songwe anyamata aganyu anandiyang'ana kamodzi n'kutembenukira kwa bambo wina wa masutikesi awiri. Chikwama chinalowa pansi pa bedi osakankha. Tikuyandikira Makambako, kuzizira kutayamba, ndinapisa dzanja mumdima kufuna juzi, ndipo m'mkono mwake munali chinthu cholimba. Jumbo ya mtedza wokazinga, wothira mchere, yomangidwa mfundo ziwiri mmene amamangira Amayi. Tinadya anthu anayi mpaka Mlimba.